Nkhomo zofiira zomwe ndinatumizira ababa

Zandspruit, Joni
9 Juni

Achemwali anga a Madina,

Asalamu aleikumu. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Ntaja? Mwendo wa ababa uja ukuwalola kufika ku mzikiti, kapena akuswalirabe pakhonde? Nanga mwana wanu Zakia, chifuwa chija chinatha? Ine kuno ndilipo, Mulungu akusunga. Kungoti kuzizira kwa Juni kwabwera ndi ukali chaka chino. Mkhukhu wanga, kanyumba kamalata kaja ndinakuonetsani pa foni, m'mawa kamachita kudontha mame mkati, ndipo madzi a pampopi amaluma zala. Matekisi ananyanyala masiku awiri sabata yatha, tinayenda wapansi mpaka ku ntchito, koma pano ayambiranso.

Mudabwa kuti zatani kuti Tawakali agwire bolopeni foni ilipo. Dzulo lija nditakuimbirani munatsegula mawu kuti ababa azimva nawo. Ndinangoti muchotse nkhomo zofiira zija pa thabwa la bawo chifukwa utoto wake si wabwino. Ababa anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinanene zoona zonse. Ndiye ndazilemba apa. Masambawa ndiwajambula ndi kukutumizirani pa foni lero lomwe, pepala lenileni libwera ndi a Amin, a transipota aja amakubweretserani katundu, kuti ababa adzaligwire ndi manja awo. Muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira.

Ndiyambe ndi ntchito yanga. Zaka zitatu zonsezi mwakhala mukudziwa kuti ndimagwira pa kampani ya mapulasitiki. Pulasitiki ilipo ndithu, koma si ya mabeseni kapena mipando. Timapanga zipolopolo. Ndi kashopu kakang'ono cha ku Honeydew, tilipo anthu asanu, mwini wake ndi mzungu wachikulire amene moyo wake wonse wathera pa mfuti. Zilolezo ali nazo, zili pakhoma, apolisi amabwera kudzayendera. Ogula athu ndi alenje ndi anthu amasewera owombera mapepala Loweruka, monga ena amapitira ku mpira. Ndinabisa chifukwa ababa mukuwadziwa. Munthu amene anandikaniza kukalembetsa usilikali, ndikanamuuza bwanji kuti mwana wake akudyera zipolopolo?

Musaope kuti pakhonde panu pali zophulika. Chipolopolo chathunthu chili ndi kachitini ka mkuwa, wonga mkati mwake, ndi mutu kutsogolo, womwe ndi umene umauluka. Ife timapanga mutu wokhawo, wonga sitigwira. Mutuwo ndi wa mtovu, chitsulo chofewa cholemera chija asodzi amamangirira kunsi kwa ukonde. Ine malo anga anali pa mphika waukulu: kusungunula mtovu, kuyengula zonyansa pamwamba, kuyang'anira makina othira m'zikombole.

Mtovu wamaliseche uli ndi vuto lake. Ukamadutsa mu mpope wa mfuti umapalika, n'kusiya zotsalira m'mbali. Mpope ukada, mfuti imayamba kuphonya, mwini wake n'kumatukwana ife. Kale ankapaka girisi, koma girisi ndiye utsi wake wosanena, munthu akawombera kakhumi saonanso pepala lomwe akulonda. Ndiye masiku ano timaziveka pulasitiki. Imabwera ngati utoto, wofiira, wobiriwira kapena wabuluu. Timazigubuduza m'ndowa mpaka zonse zitapakika, kuziyala pa sefa, kenako kuziwotcha mu uvuni kuti utotowo ugwire. Chikavala bwino, mtovu sukhudzanso mpope. Munthu amawombera tsiku lonse osatsuka mfuti, utsi umachepa, ndipo manja ake sada poziika m'malo mwake. Makasitomala amazikonda kwambiri, makamaka owombera m'nyumba momwe utsi ulibe kothawira.

Palinso zina zomwe sitipanga koma timagulitsa, za alenje, zochokera kunja. Izo ndi zazitali, zokutidwa ndi mkuwa, kutsogolo kuli kansonga ka pulasitiki. Ine ndinkayesa n'kokongoletsa, ndinanena choncho tsiku lina abwana akumva. Mdala uja anandiyang'ana ngati ndatukwana mayi ake. Loweruka lotsatira ananditenga pa bakki yake, kagalimoto kapikapu, kupita kumalo owomberako, tinanyamula mtolo wa nyuzipepala zoviika m'madzi. Anawombera mtolowo ali patali kamodzi ndi chopanda nsonga, kamodzi ndi chansonga, n'kundiuza kuti ndikafukule. Anandifotokozera kuti kansongako kamathandiza chipolopolo kung'amba mphepo, ndiye sichigwa msanga pa mtunda wautali ndipo mphepo siichikankhira kumbali kwambiri. Chikagunda nyama, kansonga kamakankhidwira mkati, mutu n'kutseguka ngati bowa. Anati mlenje wabwino amafuna nswala igwe pomwepo, osati ithawe ndi bala ikafere kutchire patatha masiku atatu. Ndinafukula m'mapepala muja, ndinapeza chatseguka monga ananenera. Sindikunamizani, ndinachita chidwi. Ntchito imeneyi ndinaikonda, achemwali, ndipo ndinkaidziwa.

Tsopano mumvetsetse ichi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Gulu lililonse likatuluka mu uvuni timaliyesa. Timatengapo zingapo, kuziika pa chitsulo, kuzimenya ndi hamala mpaka zitaphwatalala. Utoto ukamatirirabe, ndiye kuti zapasa, zipite m'mabokosi. Ukasenda, gulu lonse lalephera. Zimenezo timazitcha marijeki, timazikhuthulira mu dilamu kudikira kuti zidzasungunulidwenso.

Chaka chatha m'mwezi wa Ramadhani munandiuza kuti nkhomo za ababa zatha n'kusowa, akusewera bawo ndi timiyala tosakaniza ndi njere za bwemba, ndipo anzawo akuwaseka. Sabata yomweyo magetsi anazima uvuni uli pakati pa ntchito, gulu lonse lofiira linalephera. Ndinasuzumira mu dilamu muja. Zinali za mfuti yam'manja, zazifupi, zonenepa, zobulungira kutsogolo, zolemera bwino m'dzanja. Nthawi yomweyo ndinaona thabwa la ababa. Sindinapemphe munthu, ndinangotapa. Ndinaziika m'chitini cha tiyi, chitini ndinachikulunga mu bulangete lanu lija, a Amin ananyamula osadziwa chomwe anyamula. Inu ndinakuuzani kuti ndi mikanda ya pulasitiki ya m'makina.

Mumtima ndinkati utoto umene umapirira moto wa mfuti sungagonje ndi dzanja la nkhalamba. Ndikanakonda kulemba kuti ndinaiwala, koma sindinaiwale. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti zomwe ndatenga ndi zomwe zalephera hamala. Ndinangosankha kusaganizira, chifukwa zinali zokongola ndipo ndinkafuna ababa andiyamikire.

Ndipo anandiyamikira. Mukukumbukira kanema munanditumizira uja, ababa akutakata, nkhomo zikulira m'maenje, azibambo a kumsika atazungulira? Ababa anandiuza kuti ngakhale anthu a ku Nselema amva, akubwera kudzasewera pa thabwa la mwana wawo wa ku Joni. Kanema ameneyo ndinaonetsa aliyense kuno, mpaka Mzulu wa pa shopu ya buledi yemwe bawo saidziwa n'komwe. Ndinkayenda ngati ndamangira ababa nyumba ya njerwa.

Mwezi watha abwana anabweretsa namwino kudzatitenga magazi tonse ogwira mtovu. Ine ndinali nditadwaladwala kale, koma sindinakuuzeni. Mutu sunkasiya, m'mimba munkapotokola, ndipo ndinkapsa mtima ndi zinthu zopanda pake, mpaka ndinakangana ndi mnzanga wa khomo loyandikana chifukwa cha ndowa. Ndinkati ndi kuzizira. Masiki ndinali nayo, koma pa mphika pamatentha, ndiye inkakhala pachibwano. Nkhomaliro anzanga ankadya ndi supuni panja. Ine mwana wa ku Ntaja, supuni ndi ya phala. Ndinkasamba m'manja ndi madzi okha n'kudya ndi dzanja, nditakhala pafupi ndi mphika kuti ndizimva kufunda.

Dzana namwinoyo anabwera ndi zotsatira, n'kumatiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Dzina lake ndi a Maureen. Ataona pasipoti yanga anasiya Chingerezi n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Iwo ndi a ku Zomba, kuno akhala zaka khumi ndi ziwiri. Anandiuza mosazungulira kuti mtovu wachuluka m'magazi mwanga kuposa wa anzanga onse, ndipo pa mphika ndichokepo lero lomwe. Panopa ndili kolongedza m'mabokosi. Anati thupi la munthu wamkulu limautulutsa pang'onopang'ono akasiya kuupuma, adzandiyezanso pakatha miyezi iwiri. Za ine musadandaule, si nkhani yomwe ndalembera kalatayi.

Kenako anandifunsa ngati kunyumba kuli ana, chifukwa fumbi la mtovu limayenda ndi zovala. Ndinati mkazi ndilibe, koma ndine malume wa munthu. Mukundidziwa ine ndi matama anga. Ndinatulutsa foni kuti aone Zakia, chithunzi chija munatumiza pa Idi, atakhala pamkeka pambali pa thabwa la agogo ake, atavala diresi yachikasu. A Maureen anamuyamikira kuti ndi wokongola. Kenako anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Tsaya la mwana linali lotukuka, ndipo pakona pa mlomo pankaoneka kanthu kofiira. Anandifunsa kuti n'chiyani chimenecho. Ndinawauza. Anaika bolopeni pansi.

Chithunzi chimenechi ndachiyang'ana kambirimbiri chiyambire Idi, ndipo ndinkangoona diresi.

Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anandifotokozera modekha kuti thupi la mwana wa zaka ziwiri limamwa mtovu kwambiri kuposa la munthu wamkulu. Suonetsa chilonda, mwana amaoneka wabwinobwino. Umapita ku ubongo. Mwana amayamba kukana chakudya, kudandaula m'mimba, magazi kuchepa, kuchedwa kulankhula, ndipo akadzayamba sukulu zinthu sizilowa. Anati zomwe zawonongeka m'mutu sizibwerera, chomwe munthu angachite n'kuletsa kuti zisapitirire. Ine ndinayesa kudziteteza, ndinati ndi zokutidwa ndi pulasitiki, mtovu uli mkati. Anandifunsa ngati ndinaziyesa ndi hamala. Kaya anazidziwira kuti za hamala, mwina anamva kwa abwana. Ndinakulitsa ndekha mbali ya thabwa pa chithunzi chomwecho. M'mphepete mwa nkhomo zambiri utoto unachoka, pakuoneka potuwa. Chaka chathunthu zikugundana m'maenje, kuwonjezera mano ndi malovu a mwana, palibe utoto wolephera umene ungapirire zimenezo.

Mu Epulo munandiuza kuti Zakia akukana phala ndipo akulira ndi m'mimba, tonse tinaseka kuti watengera kusankha zakudya kwa malume ake. Mwina zinali njoka za m'mimba chabe. Ine si dokotala, ndipo a Maureen anati sanganene kanthu asanamuyeze mwanayo. Koma chiyambire dzana kuseka kuja kukundibwerera m'makutu. Ndili ndi mantha, achemwali, ndipo ndili ndi manyazi. Kwathu mwana wa mlongo amayang'aniridwa ndi malume. Ine ndi amene ndinayenera kumuchotsera zoopsa panjira, koma ndachita kumutumizira pa basi.

Abwana ndawauza. Anavula magalasi. Anati zikanapezeka pa chipata cha Beitbridge kapena Mwanza, a Amin akanagona m'chitokosi osadziwa mlandu wawo, ndipo dzina la shopu likanalowa m'mabuku a apolisi. Sanandichotse ntchito, koma anandisayinitsa pepala la chenjezo, ndipo makiyi a kuseri kwa shopu anandilanda. A Amin nawonso ndawauza. Anandinena mawu omwe sindingalembe m'kalata yoti ababa amve, ndipo akulondola. Kalatayi avomera kunyamula chifukwa cha mwana, koma anati aitsegula kaye ayang'ane mkati.

Pempho langa ndi limodzi. Muwawerengere ababa kalatayi yonse, osadumpha pomwe pali manyazi anga, chifukwa popanda kumva zoona nkhomo zija sazipereka. Mukudziwa mmene amazisungira. Akamva, muzitole zonse muziike m'chitini chotseka bwino, chitinicho chikhale pamwamba pomwe mwana sangafike mpaka ndidzabwere. Musaziponye pamoto, musazitaye m'munda kapena pafupi ndi chitsime, ndipo wina akapempha kuti akamangire ukonde mumukanize. Thabwa mulitsuke ndi sopo enje lililonse, mkeka uja muuchape, pakhonde mukolope ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa kuti fumbi lisauluke. Mukatero mumutenge Zakia mupite naye ku chipatala cha ku Liwonde. A Maureen alemba kapepala ka Chingerezi kofotokozera adokotala zomwe ayenera kuyang'ana, ndakajambula pamodzi ndi masambawa. Ababa apite nawo, chifukwa amasewera uku akutafuna mtedza ndi dzanja lomwelo.

Ababa, ndikudziwa kuti pofika apa mukumva. Ndinakunamizani kawiri, za ntchito ndi za nkhomo. Zonsezo mudzandiweruza nazo mmene mungafunire, ndidzakhala pansi ndi kumva. Azibambo a kumsika akafunsa kuti nkhomo zofiira zapita kuti, muwauze zoona, manyaziwo ndi anga, si anu. Ndauza amuna anu, alamu a Cassim, pa foni kuti akafufuze nkhomo zenizeni za mtengo ku msika wa Liwonde. Sizidzalira bwino ngati zinazo, koma bawo munkasewera ndi zimenezo ine ndisanabadwe.

Chatsala chimodzi, achemwali, ndipo ndachisiya kumapeto dala. Dzulo pa foni, ababa akuseka, ananena kuti nkhomo zanga ndi zabwino moti wina waba kale imodzi, aikapo kamwala m'malo mwake. Inu munaseka nawo. Ine nditadula foni ndinawaimbira a Maureen. Anati mwina yagwera kunsi kwa mkeka, mwina wina anatengadi. Koma anatinso ya kukula kumeneko mwana amameza, ndipo nthawi zina siituluka, imakhala m'mimba n'kumasungunuka pang'onopang'ono.

Ndinatumiza 64 ndendende, ndinawerenga kawiri ndisanatseke chitini. Mukamatola muwerenge. Zikakhala 63, mufufuze pakhonde ponse, m'ming'alu ya pansi, m'thumba la mkanjo wa ababa, mumchenga momwe Zakia amasewerera. Ikapanda kupezeka, musadikire tsiku la msika kapena kuti alamu apeze mpata. Mukwere minibasi yoyamba, ndipo mukafika mawu anu oyamba kwa adokotala akhale akuti amujambule mwana m'mimba.

Mundiperekere moni kwa ababa, ngati angaulandire. Moni kwa alamu a Cassim, kwa azakhali ku Nselema ndi ana awo onse, kwa amayi aang'ono a Hajara, ndi kwa apongozi anu. Zakia mumugwire m'manja m'malo mwanga.

Tikamagwira ntchito saloleza foni, koma ndapempha ndipo andilola kuti ikhale m'thumba yoyatsa. Mukawerenga nkhomozo musavutike ndi moni kapena kundifunsa za thupi langa. Mungonditumizira nambala yokha.

Ndine mlongo wanu,
Tawakali